Mangawa a Chikondi: Za William Koyi wa ku Njuyu

 Lero ndifuna kukamba nanu za mangawa. Sindinena mangawa a ndalama, amene munthu akagulitsa fodya kapena mtedza apita nabweza, mlandu n'kutha. Ndinena mangawa a mtundu wina, amene munthu, angakhale alemere chotani, sangathe kuwabweza.

Akulu athu anali kuwadziwa mangawa otere. Kale munthu akapalamula mlandu waukulu, ndipo pa mudzi pakasowa cholipira, mwana wa pa mtundu anali kuperekedwa chikole kwa eni mlandu, nakhala kumeneko ngati kapolo. Tsono mtsibweni wake wa mwanayo sanali kugona tulo. Anali kusonkhanitsa makasu, mbuzi ndi nsalu, mwina zonse zimene anali nazo, napita kukaombola mwana wa mlongo wake. Kodi mwana woomboledwayo atafika kwao anali kuchita chiyani? Sanali kufunsa kuti, Ndibweze mbuzi zingati? Funso lotere likadakhala chipongwe. Chimene anali kuchita ndicho kukhala mwana weniweni wa pa mudzipo, kulima pamodzi ndi abale ake, kuzonda odwala, kugwira nao maliro. Ndipo mtsibweni uja akakalamba, iye ndiye anali kumtemera nkhuni ndi kumfolerera nyumba.

Chiphunzitso cha Akhristu chiimirira pa mau omwewa akuti kuombola. Mipingo isiyana pa zinthu zambiri, ndipo si ntchito yanga pa wailesi kuweruza pakati pao. Koma pa ichi onse avomerezana, Akatolika ndi Aprotestanti omwe, kuti Yesu Khristu anapereka moyo wake mwaufulu chifukwa cha anthu amene analibe kanthu kakumbwezera. Funso tsono ndi lomwe lija la mwana wa chikole: munthu wochitiridwa chotere akhale bwanji? Tili ndi mwambi wonena za chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Munthu pokwera mu mtengo aikoleka nkhwangwa pa phewa mosamala ndithu. Koma atatha kudula nthambi aiponya pansi, kaya ikagwera pa mwala, zake zimenezo. Alipo ambiri amene amkonda Mulungu motero. Amfuna pa matenda, pa mayeso, pa mlandu wa ku bwalo. Akatsika mu mtengo aiwala.

M'malo mwa kukuuzani maganizo anga okha, ndifuna kukusimbirani mbiri ya munthu mmodzi. Ambiri a inu munamva za Livingstone ndi za Dotolo Laws, pakuti maina ao ali m'mabuku a sukulu. Koma ndikayika ngati ambiri munamva za William Koyi, ngakhale manda ake ali m'dziko la Malawi, ku Njuyu, m'boma la Mzimba.

Koyi anabadwa m'chaka cha 1846 m'dziko la Axhosa, kum'mawa kwa Cape, ku South Africa. Ali mnyamata wa zaka ngati 10 mtundu wake unaona tsoka lalikulu. M'zaka za 1856 ndi 1857 Axhosa ambiri anamvera mau a mtsikana wina dzina lake Nongqawuse, amene ananena kuti akapha ng'ombe zao zonse ndi kuleka kulima, makolo akufa adzauka ndi ng'ombe zatsopano. Ng'ombe zinaphedwa, makolo sanauke, ndipo anthu zikwi zambiri anafa ndi njala. Otsala anabalalika kukafuna ntchito kwa Azungu. Koyi anakula m'masiku amenewo. Anagwira ntchito za manja apa ndi apo kufikira anafika ku Port Elizabeth, kumene anatembenuka mtima nakhala Mkhristu. Anali munthu wamkulu kale pamene analowa sukulu ya Lovedale, pafupi ndi Alice, mu 1871. Ndipo yense amene anaphunzitsapo sukulu adziwa kulimba mtima kumene kufunika kuti munthu wa ndevu akhale pansi ndi kuphunzira zimene ana aang'ono ampambana nazo.

Mkulu wa Lovedale anali Dotolo James Stewart, amene anakhalapo ndi Livingstone pa Zambezi mu 1862. Mtembo wa Livingstone utaikidwa ku Westminster Abbey mu April 1874, Stewart anadandaulira mpingo wake wa Free Church ku Scotland kuti chikumbutso choyenera munthuyo si mwala, koma mishoni pa nyanja imene iye anaionetsa kwa anthu a ku Ulaya. Motero mu 1875 gulu loyamba linanyamuka, mtsogoleri wake E. D. Young, ndipo pakati pao panali dotolo wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi kasitima kotchedwa Ilala. Pofika pa mathithi a Shire anakamasula, ndipo anthu mazanamazana, otumidwa ndi mafumu a Amakololo, anasenza zidutswa zake pamutu masiku angapo m'njira ya miyala ndi dzuwa. Pokamanganso kumtunda kwa mathithi anapeza kuti palibe kanthu kamene kanasowa. Maina a amtengatenga aja sali m'mabuku athu. Ndiwatchula popita, chifukwa nkhani yathu ndi ya kukhulupirika. Ilala inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, ndipo mishoni inamangidwa pa Cape Maclear.

Chaka chotsatira, 1876, Stewart anaima pamaso pa ophunzira a Lovedale nafunsa ngati alipo ofuna kupita ku nyanja kukathandiza. Anadzipereka angapo, nasankhidwa 4: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi. Mau amene Koyi analankhula podzipereka akumbukika kufikira lero. Mudziwa fanizo lija la pa Mateyu 25, la mwini chuma amene popita pa ulendo anasiyira akapolo ake ndalama zotchedwa matalente, wina 5, wina 2, wina imodzi. Koyi ananena kuti iye analibe ngakhale imodzi yathunthu, koma theka lokha. Komabe anali wokonzeka kupita, ngakhale ntchito yake ikakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi. Taonani kusiyana kwake. M'fanizo muja, amene analandira zochepa ndiye anakumba pansi nazikwirira, poganiza kuti kanthu kakang'ono kotere sikangapindule. Kawirikawiri zitero. Munthu wa mphatso zambiri anthu amkankha kuti azigwiritse ntchito. Wa mphatso yaing'ono palibe amfunsa, ndipo iye mwini apeza chifukwa chabwino chokhalira pansi. Koyi anali nacho chifukwa chimenecho, koma sanachigwiritse ntchito.

Cape Maclear ndi malo okongola, ndipo dooko lake linali labwino kwa sitima. Koma malungo anali oopsa. Masiku amenewo panalibe munthu wodziwa kuti malungo adza ndi udzudzu, pakuti ichi Ronald Ross anachitulukira mu 1897. Wauchope anadwala nabwezedwa kwao ntchito isanapite patali. Mngunana, amene anali kuphunzitsa ana, anamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Dotolo William Black. Ntintili anagwira ntchito ku Blantyre nabwerera kwao mu 1880. Pofika 1881 pa Cape Maclear panali manda 5 a antchito a mishoni, koma munthu wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 March chaka chimenecho. Wowerengera zinthu monga awerengera wamalonda akadati ntchito yagwa.

Tsono ndiyenera kunena pang'ono za Angoni, pakuti popanda iwo nkhaniyi siimveka. Angoni anachokera kumwera m'masiku a nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi mu November 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene kunachita kadamsana. Zwangendaba atamwalira mtundu unagawikana. Mpezeni anakakhala kufupi ndi kumene kuli Chipata tsopano, ndipo M'mbelwa anakhala m'mapiri a ku Mzimba. Nkhondo zao zinali kutsikira ku nyanja, kotero kuti Atonga anali kukhala m'malinga chifukwa cha mantha. Pamene mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881 inakhala pakati pa Atonga omwewo, m'munsi mwa mapiri a Angoni. Ndipo Laws anaona kuti popanda kumvana ndi M'mbelwa ntchito ya ku nyanja siingakhazikike.

Koma adzalankhula ndi Angoni ndani? Apa ndipo theka la talente lija linaonekera. Chixhosa ndi Chingoni ndi zinenero za pa chibale, ndipo Koyi anali kumva zonena Angoni, iwonso namva zonena iye. Anali kudziwa ulemu wofunika pamaso pa mfumu ya mtundu umenewo, nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete, ndi malo amene ng'ombe ili nao m'mitima ya anthu otere. Zinthu zimenezi sanaziphunzire ku Lovedale, anayamwira. Chimene iye sanachiwerenge konse ngati mphatso, ndicho chinenero cha amai ake, chinakhala mfungulo imene madotolo a ku Scotland analibe. Kuyambira 1878 anayamba kukwera m'mapiri muja ndi kuonana ndi akulu a Angoni, ndipo iwo anampatsa dzina lakuti Mtusane, limene alimasulira kuti mkhalapakati.

Mu 1880 Koyi anapita kwao kukapuma. Ndifuna muime pang'ono pa chinthu ichi, chifukwa kwa ine ndicho chachikulu m'mbiri yake yonse. Ulendo woyamba munthu atha kupita chifukwa cha kutentha kwa mtima pa msonkhano, anzake ali kuyimba, iye osadziwa kumene apita. Achinyamata ambiri anyamuka motero, ndipo sindiwanyoza. Koma Koyi pa nthawi iyi anali atadziwa zonse. Manda a Mngunana anali atawaona ndi maso ake. Mwa anzake amene ananyamuka naye palibe anatsala ku nyanja. Anali atatumikira zaka 4, ndipo palibe munthu akadamdzudzula akadakhala kwao, kumene ntchito ya Mulungu inaliponso yambiri. Koma anabwerera, ndipo mu 1882 anakakhala pa Njuyu, pakati pa Angoni.

Mwina muyembekeza kuti tsopano ndinena za makamu a anthu otembenuka mtima. Iai. M'mbelwa ndi nduna zake analola amishoni kukhala, koma sukulu anakana. Ndipo tisawayese opusa, pakuti anaona patali. Anadziwa kuti anyamata akaphunzira za m'buku lija adzayamba kukana kupita ku nkhondo, ndipo ufumu wao unali kuimirira pa nkhondo. Anali kufunanso kuti mishoni ichoke kwa Atonga ndi kukhala yao yokha. Chifukwa chake zaka 4 zinapita Koyi ali pa Njuyu wopanda sukulu ndi wopanda munthu mmodzi wobatizidwa. Magulu a nkhondo anali kutuluka ndi kubwera iye ali kuona. Ntchito yake inali kukhala pamenepo, kucheza ndi anthu, kumasulira mau pakati pa Azungu ndi mfumu, kuziziritsa mitima pamene zinthu zafika poipa, ndi kulalikira kwa amene analola kumva. Mnzake James Sutherland wa ku Scotland, amene anakhala naye m'zaka zimenezo, anamwalira mu 1885. Chaka chomwecho anafika Dotolo Walter Elmslie, amene pambuyo pake, m'buku lake la 1899 lonena za Angoni, anachitira umboni poyera kuti Koyi ndiye anatsegula njira.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu tiunena mopepuka, koma taganizani za munthu amene alemba kalata chaka ndi chaka wopanda chosimba, amene akadzuka m'mawa ntchito yake ndi yomwe ija ya dzulo, ndipo dzulo silinabale kanthu. Kulimba mtima kwa tsiku limodzi ambiri ali nako. Munthu atha kulumphira m'madzi kukapulumutsa mwana asanaganize n'komwe. Koma kukhala pa malo amodzi zaka 4, osakwiya, osanama, osatenga mbali pa milandu ya eni dziko, kufikira anthu amene anakukayikira ayamba kunena kuti mau a munthu uyu sasintha, kumeneko ndiko kovuta, ndipo palibe amene akuombera m'manja.

Pano wina anganditsutse nati, Kodi suli kukometsa mbiri ya amishoni? Kodi zonse anachita zinali chikondi? Ndiyankha kuti iai, sizinali zonse. Ku Blantyre m'chaka cha 1879 amishoni oyamba anadziyesa oweruza, nakwapula anthu mwankhanza, munthu wina mpaka kufa; mpingo wa ku Scotland unafufuza nkhaniyo nuchotsa mtsogoleri wa mishoniyo mu 1881. Ndiponso Koyi mwini, ngakhale anachita zonsezi, sanadzozedwe ubusa. Anafa ali mlaliki. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chiyambire mishoni, ndipo ine ndiyesa kuti kuchedwa kumeneko kunali kosayenera. Zinthu izi siziyenera kubisika. Koma zitithandiza kuona bwino chimene chinamsunga Koyi pa Njuyu. Akadakhala kuti anali kutumikira ulemu wochokera kwa anthu, akadatopa msanga, pakuti ulemuwo unali wochepa. Iye anali kudziyesa munthu woomboledwa, ndipo Womuombolayo sanali wa ku Scotland.

Pa chiyambi cha 1886 mvula inakana kugwa. Angoni atayesa za makolo ao anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Pemphero linachitika, ndipo mvula inagwa. Yense aganize za ichi monga afuna. Ine ndingonena zimene zinalembedwa. Patapita miyezi yowerengeka mfumu ndi nduna zake anapangana kulola sukulu. Mau amenewa anafika pa Njuyu Koyi ali gone, matenda atamfooketsa. Anawamva, nakondwera, ndipo pa 4 June 1886 anamwalira, ali ndi zaka ngati 40. Sukulu imene anaidikira nthawi yonse ija inatsegulidwa iye ali m'manda.

Abale a ku Zimbabwe adziwa bwino za Bernard Mizeki, wobadwira kufupi ndi Inhambane, amene anabatizidwa ku Cape Town mu 1886, chaka chomwe anafa Koyi, nadza ku Mashonaland mu 1891 ngati mphunzitsi wa mpingo wa Anglican. Pa nkhondo ya 1896 anachenjezedwa kuti athawe, koma anakana kusiya anthu ake m'dziko la mfumu Mangwende, ndipo anaphedwa ndi mkondo pa 18 June. Anthu ambiri akhala akusonkhana kufupi ndi Marondera m'mwezi wa June kumkumbukira, ndipo ayenera kutero. Koma imfa ya mkondo ili ndi ulemerero umene imfa ya pa mphasa ilibe, ndipo pali ngozi yakuti tiyese kuti chikondi cha nsembe chiyankhidwa ndi mwazi wokha. Tikaganiza motero tidzakhala tili kudikira tsiku lalikulu limene kwa ambiri a ife silidzafika konse. Mizeki yemwe, asanafike pa usiku uja, anakhala zaka 5 ali kuphunzira Chishona, kulima dimba ndi kuphunzitsa ana. Ndipo n'zaka zimenezo zinachititsa kuti kuthawa kumkanike.

Mtumwi Paulo, polembera Aroma pa mutu 12, atatha kufotokoza za chifundo cha Mulungu, awapempha nsembe. Koma nsembe imene apempha si ya chinthu chophedwa, ndi ya munthu amene ali moyo, nayenda, nagwira ntchito. Ndipo pa Yohane 21 Ambuye atauka afunsa Petro katatu ngati awakonda. Petro atavomera sapatsidwa mpando kapena dzina, koma apatsidwa ubusa wa nkhosa. Ife amene tinakula ndi ziweto tidziwa kuti kuweta si ntchito ya ulemu. Utsegula khola m'mawa mame ali gwa, mvula ikupeza kuthengo, mbuzi imodzi ikalowa m'munda wa eni mlandu ndi wako, ndipo madzulo uwerenga ngati zakwana. Mawa ubwereza zomwezo. Yankho limene Ambuye anafuna kwa munthu amene anati awakonda linali la mtundu umenewo.

Nanga kwa ife zitanthauza chiyani? Ndiganiza za mphunzitsi wa sukulu ya kutali ndi mseu, kumene woyendera sukulu afika mwa kamodzikamodzi. Iye yekha ndiye adziwa ngati analowa m'kalasi pa nthawi yake, ngati anakonza phunziro, ngati anaonadi makope a ana kapena anangoika chizindikiro. Makolo ambiri sangamfunse, pakuti amuopa. Ana 80 amene ali pamaso pake adzazindikira patapita zaka 10 chimene anawachitira kapena chimene anawamana, iye atasamuka kalekale. Momwemonso wogula mbeu pa msika, amene sikelo ili m'manja mwake, ndipo mai wogulitsayo satha kuwerenga manambala. Munthu wotere akaimba bwino m'kwaya Lamulungu, Lolemba nabera mai uja makilogalamu 2, nkhwangwa ija waiponya pa mwala.

Ndiganizanso za inu amene muli ku Johannesburg, ku Kitwe, ku Bulawayo kapena kutsidya kwa nyanja zazikulu. Kuchoka kwanu si tchimo. Makolo athu anayenda pansi kupita ku migodi chifukwa cha umphawi womwewo. Koma mau akuti mtchona sanabadwe chabe. Anabadwa chifukwa cha amuna amene anapita nalonjeza, nalemba kalata chaka choyamba, chachiwiri natumiza bulangete, chachitatu zii. Pafupifupi munthu aliyense amene anafika kutali anafikako chifukwa wina anadzimana: mai amene anagulitsa mbuzi yake yotsiriza kulipira sukulu, mlongo amene anasiya kuphunzira kuti mchimwene wake apitirire. Mkhristu amene anena kuti ayamika nsembe ya pa mtanda, imene sanaione ndi maso, koma naiwala nsembe ya mlongo wake imene anaiona, ndikayika ngati adziwa chimene anena.

Ndipo ngati mufuna kuona anthu amene anayenda m'mapazi a Koyi osadziwa dzina lake, kumbukirani zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anapulula anthu m'maiko athu onse atatu, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba. Ndani anasunga midzi? Anali agogo, makamaka amai okalamba, amene anaika ana ao m'manda mmodzimmodzi, nabwerera ku nyumba kukaphikira adzukulu. Pa msinkhu umene anayenera kulandira chithandizo anagwiranso khasu. Analinso amai a m'mabungwe a mipingo, amene anali kusambitsa odwala amene abale ao anali kuwaopa. Palibe analemba malipoti a ntchito yao. Akadafunsidwa, ambiri akadanena monga Koyi kuti analibe ngakhale talente imodzi yathunthu. Ana amene analeredwa m'manja amenewo ambiri ndi akuluakulu tsopano, ndipo ena a iwo ali kumvera nkhani ino.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuchenjeza, kuti mau anga angamveke molakwa. Sindinena kuti ndi kukhulupirika kwathu tigula chikondi cha Mulungu, kapena kuti tibweza pang'onopang'ono monga abweza ngongole ya feteleza. Munthu woganiza motero atopa, kapena ayamba kudzitama ndi kuwerengera anzake zolakwa. Mwana wa chikole uja sanali kutema nkhuni kuti aomboledwe. Anali ataomboledwa kale, ndipo tsiku limene analephera kutema sanabwezedwe ku ukapolo. Kusiyana kwa kapolo ndi mwana sikuli pa kulemera kwa mtolo, pakuti mwina mwana asenza wolemera koposa. Kuli pa ichi, kuti kapolo ayang'ana ngati mbuye wake ali kumuona, pamene mwana sayang'ana.

Tibwerere ku Njuyu, pakuti zaka zija zimene zinaoneka zopanda kanthu sizinali zopanda kanthu konse. Sukulu ili yoletsedwa, anyamata ena anali kubwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga. Mwa iwo munali ana a sing'anga wina wa kwa Tembo. Awiri a iwo, Mawelera ndi Makara Tembo, anabatizidwa mu 1890, ndipo ndiwo anali oyamba kubatizidwa m'dziko la M'mbelwa. Mawelera anakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo, naika mau a Chikhristu pa maimbidwe a Chingoni, kotero kuti anthu anayamba kutamanda Mulungu ndi mau a kwao. Mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889, ndi ya Loudon, ku Embangweni, mu 1902. Pamene Angoni a kwa Gomani analowa m'manja mwa boma la Angerezi ndi mfuti mu 1896, ndi a kwa Mpezeni chimodzimodzi mu 1898, a kwa M'mbelwa anakambirana ndi Alfred Sharpe pa Ekwendeni mu 1904 popanda nkhondo. Za ubwino ndi kuipa kwa ulamuliro umene unatsatira anthu atsutsana, ndipo ndi nkhani ya tsiku lina. Koma mwazi sunakhetsedwe tsiku limenelo.

Ndipo monga Lovedale inatuma ana ake ku nyanja, Livingstonia nayonso inatuma ake kumadzulo. Mmodzi wa iwo anali David Kaunda, amene anapita kwa Abemba a ku Chinsali pa chiyambi cha zaka za m'ma 1900, nakhala komweko ali kuphunzitsa ndi kulalikira kufikira imfa yake mu 1932. Mwana wake wotsiriza, Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, ndiye anakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia mu 1964. A mpingo wa Anglican nao akumbukira Leonard Kamungu, wansembe wa ku nyanja, amene anapita ku Msoro namwalira komweko mu 1913.

Albert Namalambe uja, wobatizidwa mmodzi yekha wa pa Cape Maclear, amishoni anamsiyira malo akale aja, pamodzi ndi sukulu yake ndi manda 5, ndipo iye anawasunga zaka zambiri popanda Mzungu womuyang'anira. Dzina la Koyi, Sinodi ya Livingstonia inalitcha nyumba yake ya alendo ku Mzuzu. Manda ake ali ku Njuyu, m'dziko la phiri la Hora, ndipo amene apita ku Mzimba atha kufunsa njira kwa akulu a mpingo wa kumeneko.